Kansela pa Mtanda wa Mishoni

Chinali chipaipi chadzimbiri chopingasa msewu, ndipo asilikali ankachitcha kansela. Chaka chimene nkhondo inafika kwathu ku Mualadzi, anasowa chipilala cholimba, nachimangirira ndi waya pa mtanda wakale wamiyala umene unaima pamphambano ya kumishoni. M'munsi mwake anaunjikamo matumba amchenga, pamkono pake n'kumayanikapo masokosi.

Ana tinkachikonda. Chikamakwezedwa chinkalira ngati chitseko chakale, ife n'kumathamangirako. Akuluakulu sankagona nacho tulo. Chiyambire makolo, maliro alionse opita kumanda ankatsitsidwa patsinde pa mtandawo kuti apemphereredwe, ndipo amayi anga ankati wosapumira pamenepo amapita ngati wothamangitsidwa. Aphunzitsi, amene ankatsogolera mapemphero ansembe atathawa, anakapempha kuti chisunthidwe pang'ono chabe. Anabwerako ndi mawu awiri: "Palibe kuima." Mpaka lero zimandikwiyitsa. Mitengo inali mbwee m'mbali mwa msewu, kodi analephera kudula umodzi?

Dzinja la chaka chomwecho tinkagona chovala, khutu lili kuthengo. Kamlongo kanga kakhanda kanatsegula m'mimba, ndipo sikanachedwe kumwalira. Anthu ambiri anali atathawira ku Zambia, choncho amayi anakanyamula okha m'kamkeka, kutsogolo aphunzitsi, kumbuyo amayi atatu achikulire. Ine anandiletsa, koma ndinazemba n'kukabisala kuseri kwa matumba aja. Pankanunkha fodya ndi nsapato zonyowa.

Msilikali anakweza chipaipi. "Fulumirani, mayi."

Atafika patsinde penipeni pa mtanda, amayi anga anagwa. Panalibe mwala, panalibe matope. Anagwada, kamkeka kali pansi, chipumi chitagunda mtanda. Msilikali anakalipa, mfuti ikugwedera paphewa, dzanja lina litagwira chingwe cha chipaipi chimene chinkalendewera pamwamba pa mitu yawo. Aphunzitsi anawerama ngati akuwadzutsa, koma sanawakoke. Milomo ya aphunzitsiwo inkangoyenda. Amayi achikulire aja anawazungulira n'kumati, "Chizungulire, bambo, sanadye."

Panapita nthawi ndithu asanadzuke.

Ndinachita manyazi kwambiri tsiku limenelo. Amayi anga, amene ankasenza thumba la chimanga osapuma, kugwa ndi kamtolo kopepuka chonchija, asilikali akuona! Madzulo ndinawafunsa ngati mwendo ukuwawabe. Anandiyang'ana, nati, "Wapuma mlongo wako."

Ine ndinapitiriza kuwayang'ana bondo, kufunafuna bala.