Nsomba Zosadyedwa za M'nyumba ya Mwana Wanga

Amene anayamba kundiuza ndi alamu anga, amene amagulitsa nsomba zouma za mphende ku Nchalo. Anandipeza ndikupeta mapira kwathu ku Mbenje, ndipo asanakhale n'komwe pa mkeka anati, "Mulamu, mwana wanu uja amukweza pantchito kuminda ya nzimbe, koma kayang'aneni zimene akuweta pabalaza. Nsomba zofiira, m'galasi, madzi ake akuwira opanda moto. Munaonapo munthu wa kuno akudyetsa nsomba m'malo moidya?"

Mtima unati phaa. Ine ndine mwana wa msodzi. Kwathu nsomba imalowa m'nyumba itafa. Ndiye mwana amene ndinamulera m'mapemphero wayamba kukhwima?

Ndinapita kunyumba kwake mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mpongozi wanga anandilandira bwino, Mulungu amudalitse. Koma maso anga anali pagalasipo. Nsomba zinalimo zinayi, zonenepa, zipsepse ngati nsalu ya ukwati. Pambali pake kamakina kakung'ung'udza, kapaipi kakutulutsa thovu.

"Zimenezi n'zachiyani?" ndinafunsa.

"Anawasiyira abwana awo popuma ntchito, amayi. N'zongoonera."

Zongoonera! Ndinangoti hmm.

M'mawa mwake mwana wanga atapita kuntchito, mpongozi n'kupita kusikelo ndi khanda, ndinayamba kufufuza. M'kabokosi kakuda ka m'madzimo ndinapezamo chinthu chofewa, chonanda, chonunkha ngati matope a kudambo. Ndinati chizimba chija ndi ichi. Ndinachimanga pansonga ya chitenje kuti ndikaonetse abusa, n'kuzula chingwe cha kamakinako kukhoma. Kenaka ndinagwada.

Ndinapemphera nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu, malata akulira ndi kutentha. Nditatsegula maso, nsomba zonse zinali pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasamu, yasamu. Ndinati eya, pemphero lakupezani, ululani! Ndinaonjeza nyimbo.

Pakati pa nyimboyo m'pamene ndinakumbukira malemu bambo anga. Madzi osefukira akabwerera mu Shire, m'mathamanda otsala nsomba zinkachita chomwechi masana, ndipo iwo ankati, "Madzi aima, atentha, zikusowa mpweya. Bweretsa dengu." Zinali nsomba basi, zikubanika. Imodzi inali itagona kale chammbali.

Ndikulimbana ndi chingwe chija, mwana wanga analowa kudzadya. Sanakalipe. Anayatsa kamakinako, thovu linayambiranso, zitatu zija zinatsika pang'onopang'ono. Yachinayi anaitola ndi dzanja, itafa.

"Pampuyi ndi imene imazipatsa mpweya, amayi. Kuno kumatentha, sizingakhale popanda iyo." Kenaka anatsegula kabokosi kaja. "Nanga siponji ya m'sefamu ili kuti?"

Ndinamasula chitenje pamaso pake.

Anaitsukuluza pang'ono m'madzi omwe anatunga m'galasimo, opanda sopo. Anati litsiro limene ndinanyansidwa nalolo lili ndi tizilombo tosaoneka timene timayeretsa madzi. Tizilombo tosaoneka! Mawu amenewo sanandikhale bwino, sindinama, ndipo anandiona nkhope.

"Mumapita nayo kuti, amayi?"

"Kwa abusa."

"Ndiye inunso? A kumsika anene, ndi inu amene munandiphunzitsa kupemphera muneneso? Zaka zonse ndinadula nzimbe mpaka manja kuchita zikang'a, simunazione?"

Chakudya sanadye tsiku limenelo. Anabwerera kuntchito. Madzulo ndinapepesa, iye anati palibe kanthu, koma pondiperekeza kokwerera minibasi tinayenda ngati alendo.

Ndikuyamika Mulungu kuti anandipatsa mwana wodekha, wina akanandithamangitsa. Alamu anga akadanenabe zawo kumsika, ndipo ndikawauza za mpweya amangoseka, amati nanenso andidyetsa. Mpongozi amaimba foni, amati nsomba zitatuzo zili bwino. Koma mwana wanga Khirisimasi yapitayi sanabwere ku Mbenje, koyamba chibadwire. Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutikumbukireko ife a m'banja lino, makamaka iyeyo, kuti chaka chino adzaponde pakhomo pa mayi ake.