Chiswe Chinadya, Amalume

Ndimaikumbukirabe pensulo ija, yaifupi ngati chala, yolumidwalumidwa kumapeto. Amayi anandipatsa chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 4, chifukwa iwo kulemba sankadziwa.

Nkhani inayambira pamaliro kwathu ku Nselema. Amalume a kunyumba yaikulu, omwe ankagawa minda ya mbumba yonse, anauza amayi pamaso pa anthu kuti, "Agogo ako muno anachita kubwera. Ukafufuze kwanu mvula isanagwe." Kuyambira tsikulo ndinkati ndikamva belu la njinga ya amalumewo, ndinkathawira m'nyumba. Ndinkangoti abwera kudzatisasulira denga.

Tinakwera matola mpaka ku Balaka, n'kuyenda pansi kukafika kumishoni ina kwa Nsamala, kumene agogo a amayiwo anabatizidwira. Aphunzitsi okalamba a pamishonipo anatsitsa buku la maubatizo lonunkha zitosi za mileme, mapepala ake othetheka ngati fodya wouma. Ankayendetsa chala pang'onopang'ono, ine pensulo ili chire. Kenaka chala chija chinaima.

Dzina la agogowo linalipo. Koma pa dzina la bambo awo panali kamzere, pa la mayi awo kamzerenso. M'mbali munali mawu achilendo. Aphunzitsi anayamba ayang'ana kukhomo asanamasulire.

"Akuti kamtsikana aka kanaomboledwa kwa amalonda apaulendo."

Amayi anandigwira pamkono. "Zimenezo usalembe. Usadzauzenso munthu."

Titabwerera kumudzi, amalume anandipeza ndekha pamjigo. Anawerama mpaka ndinamva fungo la fodya wawo wamphuno.

"Iwe ndiye wasukulu. M'bukumo mwapezamo chiyani?"

Madzi ankasefukira m'ndowa.

"Chiswe chinadya, amalume."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kukwera njinga yawo. Lero ndimaona kuti sanakhulupirire, anangosowa pogwira. Sanatithamangitse, koma mvula itagwa tinalima theka la munda, theka linalo atadzalamo nandolo wawo. Amayi sanakadandaule kulikonse.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti kutchalitchi tinkaimba za kuomboledwa tikuomba m'manja, amayi akutsogolera. Ndinkadzifunsa kuti mawu okoma chonchi tikuwabisiranji. Sindinkadziwa kuti woomboledwa amakhala atayamba wagulitsidwa, ndiponso kuti kwathu dzina la kapolo limatsata mwana wamkazi, n'kutsata mwana wake wamkazi, mpaka kudzafika pa ine.