A Ndowa ndi Mutu wa Bambo Anga

Mu wodi yathu ya odwala mtima muli mayi wokolopa, timangowatchula kuti a Ndowa. Anayamba ntchitoyi ine ndisanamere mano. Sukulu analekera panjira, posaina amadinda chala, koma akafika pa bedi lililonse amaimika chokolopera n'kufunsa, "Bwanji mutu lero?" Ine namwino wa mapepala anga, funsoli linkandinyansa. Munthu wadwala mtima, iwe n'kumafunsa za mutu?

Tsiku lina bambo anga anagwa kuntchito atagwira pachifuwa, ndipo anawagoneka mu wodi yomweyi. Dokotala anawaika diripi ya mankhwala otsegula mitsempha, aja amachotsa ululu wa pachifuwa koma n'kukusiyira mutu wowawa zedi. Pansi pa mtima ndinati, tsopano bambo aona mwana wawo ali pantchito. Chibadwire sanandiyamikirepo.

Mawa lake masana anandimwetulira. "Mwanangu, mutu wasiyiratu." Ndinalemba m'fayilo kuti akupeza bwino, n'kuimbira amayi foni.

A Ndowa anali akukolopa kunsi kwa bedi. Anaweramuka pang'onopang'ono.

"Anesi, mutuwo wasiya wokha, diripi ikadali kudontha?"

"Inu zikolopani," ndinatero.

Anasiya ndowa pakati pa njira n'kukagogoda kwa dokotala. Wokolopa! Ndipo dokotalayo anabwera chothamanga, zimene sanachitepo nditamuitana ine.

Atayeza anapeza kuti magazi ayambanso kuthamanga kwambiri. Atawapanikiza ndi mafunso, bambo anaulula kuti pachifuwa payambanso kulemera, ankangobisa kuti ndisadandaule. Dokotala anandifotokozera pamaso pa anthu onse ngati mwana wasukulu: mankhwalawa akamalowa osalekeza thupi limawazolowera, ndipo mutu ukasiya, nthawi zina ndiye kuti asiya kugwira ntchito. Zimenezi ndinaziphunzira, mayeso ake ndinakhoza. A Ndowa anangoziona pa odwala a zaka zonsezi, kuphatikizapo ena amene anatuluka mu wodi ataphimbidwa nsalu.

Dokotala anawasinthira bambo mankhwala ndipo anachira. Ndikudziwa kuti ndiyenera kuthokoza, ndipo ndimathokoza. Koma nsanje yandikhala pakhosi, sikutsika. Aliyense wobwera kunyumba kudzawazonda amamva nkhani imodzimodzi kwa bambo: "Kuchipatala kuja kuli mayi wina wokolopa, ameneyo ndiye dokotala weniweni." Ine ndili pomwepo, kapu ya madzi ndi mapiritsi m'manja.

Masiku ano nanenso ndimafunsa odwala a diripi za mutu, koma monong'ona, nditayamba ndasuzumira kuti a Ndowa ali kutali.

Dzulo ndinadziiwala. Ndikuwapatsa bambo mapiritsi, pakamwa panangopulumuka, "Bwanji mutu lero?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope ili ngwee, mmene ndakhala ndikufunira zaka makumi atatu.

"Eya, mwanangu," anatero. "Wayamba kuphunzira kwa mayi uja."