Sikuta ya alamu ndi mwendo wa mwana wanga

Mwana wanga woyamba anadwala akadali wokwawa. Thupi linatentha kwambiri. Atachira, mwendo wakumanzere unatsalira. Unaonda ngati phesi, ndipo atayamba kuyenda ankachita kuukoka. Phazi linkalemba mzere pafumbi. Ukafuna kudziwa kumene walowera, unkangotsata mzerewo.

Kusikelo namwino anauza mkazi wanga mawu ochepa. Anati mwendowo sunafe, wangochita ulesi. Aziugwiritsa ntchito, musamangomubereka kumbuyo. Mkazi wanga anabwera nawo mawuwo kunyumba. Ine ndinawasunga.

Zaka zimenezo, za m'ma 1990, ndinali pachikamwini kwawo kwa mkazi wanga, cha ku Chiparamba. Munda unali wa apongozi. Malo amene ndinamangapo nyumba analinso awo. Mwana ndinabereka ndine, koma mwini mbumba anali mlongo wake wa mkazi wanga, alamu anga. Iwo anali kondakitala wa minibasi ku Chipata. Kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo, atavala magalasi akuda ndi jekete la salaula, la pakaunjika, kaya kuzizire kaya kutenthe.

Ine ndinkalima thonje ndi mtedza. Tikakolola ndinkamata machubu a njinga pansi pa mtengo wa mango.

Tsiku lina ndili ku Chipata ndinapita kwa mnzanga wokonza njinga. Pa mulu wake wa zitsulo panali kanjinga ka mwana. Tcheni panalibe, mapedulo panalibe. Mateyala awiri okha ndi amene anali abwino. Mnzangayo anati tenga, kakungodzaza malo. Ndinakamanga pakaliyala n'kubwera nako. Mapedulo ang'onoang'ono ndinawafuna, osawapeza. Ndiye ndinangotsitsa chishalo mpaka pansi, n'kuchikulunga nsanza, n'kumukhazikapo mwanayo. Anali atapitirira zaka ziwiri.

Mapazi onse anafika pansi. Anakankha ndi wakumanja. Kanjinga kanapendekera kumanzere. Kuti asagwe anaponda ndi wodwala uja. Anagwabe. Analira. Ndinamukwezanso.

Ndinaona chinthu pamenepo. Pa kanjinga kameneka mwendo waulesi unalibe kothawira. Ukapanda kuponda, mwiniwake ankadya fumbi. Mapedulo sindinawafunenso.

Anthu ankaseka. Amene ankabwera kudzamatitsa machubu ankafunsa kuti, "Akamwini, mapedulo mwaphikira ndiwo?" Ndinkangopitiriza kumata. Mwana anayamba kuchoka pakhomo kukafika pankhokwe. Kenako pakhola la mbuzi. Mzere uja wa pafumbi unayamba kudukaduka. Pakati pake pankaoneka phazi lathunthu, zala zonse zisanu. M'mawa uliwonse ndinkatuluka kukayang'ana mkazi wanga asanasese.

Ndiye alamu anabwera. Inali nthawi yogulitsa thonje. Anatsika pamsewu atanyamula chinthu chofiira paphewa, ana a m'mudzi ali pambuyo pawo. Anati ndi sikuta, aipeza m'belo la salaula. Kanali kathabwa kachitsulo kopondapo, ndodo yoimirira yokhala ndi zogwirira, belu, ndi timateyala tiwiri tating'ono ngati mabisiketi. Anaiika pabwalo. Kanjinga kanga anakagudubuza ndi nsonga ya nsapato.

"Ichi n'chiyani, alamu?"

"Njinga," ndinatero.

"Njinga kapena mtembo wa njinga? Muphwa wanga sangakwere zinyalala ine ndili moyo."

Anamuimika mwanayo pa sikuta. Palibe amene anamuphunzitsa. Mwana si chitsiru. Mwendo wodwala anauika pakathabwa, wamphamvu n'kumakankhira pansi. Wodwalawo unangoima chilili, kunyamulidwa. Unapeza basi yaulere.

Azimayi anaomba m'manja. Wina anati taonani, kutsimphina kuja kwatha. N'zoona, pa sikuta sikunkaoneka. Ndicho chimene anakondwera nacho. Iwo vuto lawo linali maso a anthu. Mwendowo sanauganizire.

"Alamu," ndinatero, "mwendo uwo sukugwira ntchito."

"Ndiye bwino. Ukupuma. Inu mumafuna azilima nawo?"

Bwalo lonse linaseka. Apongozi anali pakhonde lawo, atandipatsa msana monga mwa mwambo. Ine ndi iwo sitinkayankhulana maso ndi maso. Anauza mkazi wanga kuti andiuze kuti ndithokoze. Ndinagwada. Ndinaomba m'manja. M'kamwa munali mowawa ngati ndatafuna tsamba la fodya.

Koma timateyala tija pamchenga wathu tinkatitimira. Sikuta inkayenda pang'ono n'kuima. Alamu anati chinthu cha m'tauni chimafuna simenti. Simenti kwathu kuja inali pamalo amodzi, pakhonde la golosale ya m'mbali mwa msewu. Golosaleyo inkagulitsanso mowa.

Tsiku lotsatira ndinabwera kuchokera kudimba dzuwa lili paliwombo. Mwana panalibe.

"Ali kuti?"

"Amutenga achimwene," anatero mkazi wanga. Sanandiyang'ane.

Ndinapita. Fungo linandichingamira ndisanafike. Masese otayika, mikodzo ya kuseri kwa khoma, nsomba zokazinga m'mafuta akale. Amuna anali atalandira za thonje, ndiye pakhondepo panadzaza. Kumapeto kwa khonde wina anali atasanza. Palibe amene anathirapo dothi. Ntchentche zinali bii. Timateyala ta sikuta tinkadutsa momwemo, kupita ndi kubwerera, n'kumasiya timizere tonyowa pasimenti. Phazi limene mwana wanga ankakankhira linkapondanso momwemo. Analibe nsapato.

Mbali iyi kunali munthu atagwira bisiketi, mbali inayo wina. Mwana akafika, ankaikweza m'mwamba kuti abwerere. Pamlomo pake panali zoyera. Wina anali atamunyambititsa chala cha masese.

Kenako ndinamva mawu a alamu. "Tsika, muphwa. Tsika uyende aone."

Mwana anatsika. Anayenda, akukoka mwendo. Khonde lonse linaphulika ndi kuseka. Mdala wina wopanda mano anadzuka n'kuyamba kumutsanzira, akukoka mwendo wake, chipanda cha mowa chili m'manja.

"Mwaona?" anatero alamu. "Pansi ndi wolumala. Pa sikuta ndi bwana. Kweranso, muphwa."

Mwanayo ankaseka nawo. Sankadziwa. Chimenecho ndi chimene chinandinyansa kuposa masanzi.

Ndinakwera pakhonde. Ndinamunyamula. Alamu anati, "Aa, alamu, khalani pansi mulaweko." Sikuta ndinaisiya pomwepo, itagona chammbali m'zonyansazo. Ndinapita naye kumjigo n'kumusambitsa thupi lonse, mpaka m'kamwa. Analira njira yonse, akufuna belu lake.

M'mawa mwake anandiitanitsa kwa apongozi. Panali apongozi, ang'ono awo awiri, alamu, ndi mkazi wanga. Ine ndinakhala patali, pachitsa. Mlandu unali wakuti ndataya mphatso ya mwini mbumba pagulu, anthu akuona. Za mowa m'kamwa mwa mwana palibe anazitchula. Nditazitchula ine, alamu anati kunali kungolawitsa, tonsefe tinakula choncho.

Anandifunsa ngati ndili ndi mawu. Ndinati, "Namwino anati mwendowo uzigwira ntchito. Pa kanjinga umagwira. Pa sikuta sugwira. Basi."

"Namwinoyo ndi m'bale wake?" anatero alamu. "Akamwalira mwanayu adzakumba manda ndi namwino?"

Apongozi anayankhula akuyang'ana kukhoma. Anati mwana ndi wa pano. Atsibweni ake amufunira zabwino. Amene anabwera kudzakwatira asaiwale njira imene anadzera. Anagamula kuti ndipereke nkhuku yopepesera, ndiponso ndikatenge sikutayo ndekha.

Ndinapereka tambala wanga. Alamu anamudya tsiku lomwelo. Sikuta ndinakaitenga. Inali itauma ndi zija, ntchentche zikadali pomwepo. Ndinaikoleka pandodo kuti ndisaigwire. Pamjigo ndinaikwecha ndi phulusa ndi mchenga, azimayi akundiyang'ana.

Alamu anakhalitsa ulendo umenewo, minibasi yawo inali kugalaja. Kugolosale sanamutengenso mwana, koma kuseri kwa nyumba yathu kunali kamalo kouma gwa, ndipo sikuta inkayendako pang'ono. Mwana ankadzuka n'kuthamangira komweko. Belu ngili ngili tsiku lonse. Kanjinga kanga kanagona pansi pa nkhokwe, nkhuku zikukanyera. Ndikamukhazikapo ankakuwa mpaka apongozi kutulukira pakhonde. Ndinaleka.

Mapazi aja anayamba kusowa pafumbi. Mzere unabwerera, wautali, wosaduka.

Mkazi wanga nthawi yonseyi anali chete. Ndinkamuda nazo. M'mawa wina ndinamupeza ataima pabwalo, tsache lili m'manja, osasesa. Ankayang'ana pansi.

"Bambo ake," anatero, "wayambanso kulemba."

"Ukawauze achimwene ako."

"Munawauza inu. Munapindula chiyani? Tambala ali kuti?"

Tsiku limene alamu ankabwerera ku Chipata, mkazi wanga anatenga sikuta ija. Anaipukuta ndi kansanza konyika m'mafuta ophikira mpaka inang'anima. Anaphika tiyi wamkaka. Anaitana mlongo wakeyo m'nyumba mwathu, apongozi n'kukhala pakhomo. Ine ndinali panja, ndikumva.

"Achimwene," anatero, "chinthu mwabweretsachi kuno kulibe wina ali nacho. Ngakhale kwa aphunzitsi kulibe."

"Angachipeze kuti?" anatero alamu. "M'belo monse chinali chimodzi."

"Ndiye chikundisowetsa tulo. Ana a eni akuchisirira. Dzulo ndapeza atatu akukanganirana belu. Fumbi nalonso likudya timateyala. Mudzabwera pa Khirisimasi mudzapeza chili ngati chitsulo cha alamu anucho."

"Ayi, zimenezo ayi."

"Suti ya ukwati munthu sapita nayo kudimba. Ine ndimati tichipachike kudenga. Azikwera inu mukabwera, anthu azionera. Masiku wamba azigubuduka ndi zinyalala za bambo akezo. Zikathyoka palibe adzalire."

Kenako ndinamva alamu akuseka, kuseka kwa munthu wokhuta.

"Mlongo, iwe nzeru unatengera ine. Alamu, bweretsani luzi."

Ndinabweretsa luzi. Anakwera pampando okha, magalasi ali kumaso, n'kuimanga sikutayo pamtanda wa denga. Anamanga mfundo zolimba. Apongozi anavomereza kuti chinthu chaulemu chimasungidwa motero. Potuluka alamu anandigwira paphewa.

"Muziphunzira kusamala katundu, alamu."

Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Ine ndinanena zoona pamaso pa onse, anandidyera tambala. Mkazi wanga anangothira mafuta pachitsulo ndi pamtima wa mlongo wake, zinatheka. Mwendo wa mwana sunakwanitse kuwasuntha anthu amenewo. Chinawasuntha ndi mantha akuti penti ingachoke.

Ndinamuuza mkazi wanga zimenezo. Anati, "Mukufuna chilungamo kapena mukufuna mwendo?" Anatenga ndowa n'kumapita.

Mwana analira, akuloza kudenga. Tinamusiya alire. Atatopa, ndinatulutsa kanjinga pansi pa nkhokwe, ndinakatsuka, ndinasintha nsanza zapachishalo. Poyamba anakana. Mayi ake ananyamuka kupita kumjigo osamubereka. Mwanayo anaima pakhomo akulira. Kenako anakwera n'kuwatsatira. Anagwa panjira. Anadzuka. Kuyambira pamenepo unali ulendo wa tsiku ndi tsiku, mayi patsogolo ndi ndowa, iye pambuyo, miyendo yonse iwiri ikupalasa pansi ngati bakha.

Mvula yoyamba itagwa ndinaona mapazi ake m'matope. Awiri. Lakumanzere losazama kwenikweni, koma phazi. Mzere panalibe.

Mwendowo sunafanane ndi unzake mpaka lero. Akatopa amatsimphina pang'ono. Koma amalima, ndipo amapalasa njinga yamapedulo kupita ku Chipata atanyamula matumba a mtedza.

Pa Khirisimasi alamu anabwera. Sikuta anaitsitsa, itada ndi mwaye. Mwana anakwerapo kamodzi, inatitimira mumchenga, anaisiya. Anathamangira kanjinga kake, akuyenda bwinobwino pamaso pa anthu onse. Alamu anavula magalasi. Anayang'ana. Kenako anatembenukira kwa anthuwo.

"Mwaona mmene akuyendera muphwa wanga? Sikuta imeneyo. Ndinanena ine."

Apongozi anaomba m'manja. Mkazi wanga anandiponda phazi kuti ndisatsegule pakamwa. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinalavula, n'kukakhala pansi pa mango. Panali chubu cha munthu chofunika kumata.