Mchenga wa m'Chiwindi cha Wumbei

Amene amati Sanatu Napari ndi wamakani atseke pakamwa, sanaone za Lachitatu lija!

Mayi ameneyu anakulira mumsika wa Tamale, akugulitsa mapira ndi amake. Ankangopisa dzanja m'thumba n'kudziwa ngati wina wathiramo mchenga. Lero ali pachipatala, pa makina aja otumiza mawu m'thupi n'kujambula mmene mawuwo abwerera.

Chithunzi chake chimadzaza timadontho ngati mchenga. Ambiri amadina batani kuti chisalale, koma Sanatu ayi. A kuyunivesite anamuikira pulogalamu yowerenga timadonthoto. Chiwindi chabwino chimabweza mawu mofanana ponseponse, pomwe chimene chayamba zipsera chimabweza apa mwamphamvu, apo mofooka.

Tsikulo anakokera kuchipatala mlongo wake Wumbei, wogulitsa nyama. Bambo awo anapita ndi matenda a chiwindi otulukira mochedwa, ndipo Sanatu analumbira kuti maliro otere salirakonso.

Dokotala Adongo anamuunika, nasalaza chithunzi. "Chili bwinobwino ichi. Pitani, bambo."

"Wamva, chemwali?" anaseka Wumbei. "Ine ziwindi ndimazigwira tsiku ndi tsiku, changa chingandibisire kanthu?"

"Mumazigwira ng'ombe itafa kale, achimwene. Gonani apo!"

Sanatu anamupakanso mafuta ozizira ounikira pansi pa nthiti, najambula osasalaza. Ndi maso panalibe chooneka, mchenga wokhawokha. Pulogalamu inawerenga timadontho zikwizikwi, n'kujambula mzere wonga chulu. Chulu cha chiwindi chabwino Sanatu amachidziwa ngati nkhope ya mwana wake. Ichi chinali ndi mchira wautali.

Adongo anavula magalasi. "Amayi, zonsezi zinali mumchenga umene ndimafufutawu?"

"Momwemo, adokotala. Muyezeni magazi."

Magazi anavomereza. Matenda anali omwe aja a bambo awo, koma ogwidwa mankhwala akadali ndi ntchito.

Wumbei, munthu amene mawu ake amamveka tsidya lina la msika, anaweramira timadontho tija, nafunsa chapansipansi.

"Ndiye kuti mawu analowa mwa ine, n'kutuluka kudzandinenera?"

"Eya. Ndipo sananame ngati inu."

Masiku ano Wumbei saphonya mbulu wake wa mankhwala m'mawa. Akatenga chiwindi cha ng'ombe, amayamba wachisisita ndi chala pang'onopang'ono, ogula akudikira, kenako ndiye mpeni.