Fungo la manachesi pa foni

Malemu amuna anga, bambo a Chisomo, anali osaona, ndipo foni yawo inkawawerengera mauthenga mokweza. Ine ndinkakhala pakhonde kwathu ku Nsambe n'kumamva zonse: za maliro, za kutchalitchi, za amene wathawa banja. Imeneyo ndiyo inali wailesi yanga.

Kenako anapeza kachipangizo kolumikiza ku foni, kotulutsa timadontho towerenga ndi zala. Foni ija inangoti zii. Iwo ankaseka okha zala zikuyenda, ine mtima ukuwawa.

Tsiku lina atapita kukasamba, ndinasiya nachesi lomwe ndinkasenda n'kuzimitsa bulutufu yolumikiza ziwirizo. Atabwera, timadontho tija sitinatuluke.

"Mwina ndi netiweki, eti?" ndinatero, manyazi ndilibe.

Ananunkhiza foniyo mofatsa. "Mayi a Chisomo, netiweki ya masiku ano ikununkhira manachesi."

Sanandikalipire. Anayatsanso okha, ndipo kuyambira tsikulo ankandiwerengera uthenga uliwonse ndi pakamwa pawo, mpaka chaka chimene anatisiya. Kupepesa sindinapepese. Kachipangizoko kali m'sutikesi, koma nyengo ya manachesi ikafika ndimasendera pakhonde pomwepo, khutu lili tcheru.