Bikoni ya Pamunda wa Mkazi Wanga

Mkazi wanga atamwalira, abale ake anandisudzula mwaulemu. Pamenepo sindingawanamizire. Tinadikira miyezi, anaphika thobwa, akuluakulu analankhula, ine n'kunyamula zovala, Baibulo ndi mabuku anga a ntchito kubwerera kwathu ku Nathenje. Ndinali nditakhala pachikamwini ku Mitundu zaka makumi awiri ndi zinayi. Mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi, anatsala pamudzi pa amayi ake ndi mwamuna wake ndi ana awiri, akulima munda ndi dimba zimene amayi akewo ankalima. Ndi mmene zimayenera kukhalira, ndipo mtima wanga unali m'malo.

Inali nthawi imene zipani zinali zitangochuluka kumene. Aliyense amene anali ndi kamalo ankafuna lizi, chikalata cha boma cha malowo, kuti munda utchedwe esiteti, alime fodya wa bale n'kukagulitsa yekha ku okushoni. Opima malo ntchito inatichulukira. Ine mawondo anali atayamba kukana, moti kutchire ndinali nditasiya kupita. Abwana anga, amene anali ndi kaofesi m'tauni, ankanditumizira mabuku a opima pa minibasi, ine n'kumawerengera pakhonde, Lachisanu lililonse n'kubweza.

Ntchito yake imayenda chonchi. Opima amayambira pa bikoni imodzi, kachipilala ka simenti kosonyeza malire, n'kuyenda mozungulira munda, akulemba kutalika kwa mbali iliyonse ndi ngodya ya pokhota paliponse, mpaka kufikanso pomwe anayambira. Wowerengera amayenda ulendo womwewo papepala. Manambala akamubweza pa bikoni yoyamba ija, timati ntchito yatseka. Ikatseka amadula malowo m'zidutswa za makona atatu, kupeza kukula kwa chidutswa chilichonse, n'kuphatikiza. Mabuku ofika kwa ine sankakhala ndi dzina la mwini malo, ankangokhala ndi nambala ya ntchito. Amene anandiphunzitsa ankati zinthu zikaoneka zachilendo uyambe wakayikira pensulo yako, kenako maso a wopima, mwini malo pamapeto penipeni. Lamulo limeneli ndinkalisunga ngati la m'kalasi ya ubatizo.

Buku lina linafika Lolemba. Linatseka bwino kwambiri, kusiyana kwake sikunakwane ngakhale chikhatho. Koma nditayamba kujambula mapu, dzanja linaima lokha. Mbali ya kum'mawa inkatsata kamtsinje kokhota kawiri motsatizana, kenako n'kuwongoka. Kukhota kumeneko ndinkakudziwa, chifukwa ndinatungapo madzi othirira mpiru zaka zambiri. Anali malo a mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, mwini mbumba wa pamudzipo. Nditaphatikiza zidutswa zija, malowo anaposa mmene ndinkawadziwira ndi maekala atatu ndi theka. Munda ndi dimba la mwana wanga, kuziika pamodzi, ndi maekala atatu ndi theka.

Ndinakayikira pensulo. Lachiwiri ndinawerengeranso. Lachitatu ndinadula zidutswa mwanjira ina, yankho n'kubwera lomwelo. Lachinayi ndinadziuza kuti munthu woferedwa mutu umamunamiza, kuti timitsinje tokhota kawiri tilipo tambiri, kuti mlamu wangayo ndi amene ananyamula nawo bokosi la mlongo wake misozi ili m'maso. Kuganizira munthu zoipa popanda umboni ndinkakuopa ngati tchimo. Lachisanu minibasi inaima pamsewu, dalaivala n'kukuwa kuti, "Madala, envulopu ya abwana ilipo? Anthu akupsa ndi dzuwa muno!" Ndinamupatsa. Sindinalembepo ngakhale mawu amodzi.

Lasabata m'tchalitchi ulaliki sindinaumve. Lolemba ndinabwereka makina opimira a miyendo itatu kwa mnzanga wina wopuma ntchito, n'kukwera minibasi ya ku Mitundu. Ndinatenganso kabuku kanga kakale. Zaka zambiri m'mbuyomo, pamene ankapima malo a mabanja m'dera limenelo, bikoni yolekanitsa munda wa mkazi wanga ndi wa mlongo wake ndinaiika ndine, ndipo ndinalemba ngodya zitatu kuchokera pamenepo: yoloza pamwamba pa phiri la Bunda, yoloza thanthwe la Ngala, ndi yoloza nsonga ya denga la tchalitchi. Zinthu zitatu zimenezo sizisuntha. Ukakhala ndi ngodya zake, malo amene unaima ukhoza kuwapezanso ngakhale patamera tchire.

Bikoni ndinaipeza kumunsi kwa dimba, m'mphepete mwa madzi, dothi lozungulira likadali lofewa. Ndinaimika makina pamenepo. Ngodya zonse zitatu zinakana. Ndinakhala pamzere n'kuwerengera, kenako ndinayenda masitepe oposa zana kukwera chakumtunda, kufupi ndi njira. Nditakumba ndi khasu ndinapeza tsinde la simenti lothyoka, litatsalira pansi.

Mlamu wanga anafika ndi amuna ena atatu.

"Alamu, mwatiyendera ndi makina omwe? Mukanatumiza mawu tikanagwira nkhuku."

"Alamu, bikoni ija inali apa."

"Ndiye yafika bwanji kumadzi uko? Kapena nayonso ili ndi miyendo itatu ngati chinthu chanucho?"

Anzake aja anaseka.

"Ndinaiika ndine, alamu. Tsinde lake ndi ili."

"Munaiika ndinu, sindikukana. Pamalo a ndani? Pochoka ku Nathenje munabwera ndi dothi m'thumba? Tinakusudzulani bwinobwino, thobwa munamwa, tinakuperekezani mpaka pamsewu. Mwanayu ndi mbumba yanga. Sagona ndi njala ine ndili moyo. Azilima fodya pomwepa, pansi pa esiteti ya banja."

"Ngati tenanti?"

"Mawu amenewo mwatchula ndinu."

Zaka zonse za chikamwini ndinazolowera kuti nkhani ya malo ikayamba, mkamwini amayang'ana pansi. Ndinapinda miyendo ya makina n'kuwaika paphewa.

Mwana wanga anandiperekeza kokwerera minibasi. Titayenda kamtunda ndithu, iye anati:

"Ababa, musapite nazo patali. Inu mukwera galimoto muzipita. Ine madzi ndimatunga pachitsime chimodzi ndi akazi awo a atsibweni."

Ndinamufunsa ngati ankadziwa. Anati anawaona akunyamula bikoniyo pangolo, sabata imodzi opima asanabwere.

"Bwanji sunanditumizire mawu?"

"Ndinamva kuti opimawo ndi a ku ofesi kwanu. Ndinkati manambala akafika m'manja mwanu mudziwa nokha, ndipo simulola."

Ndinayang'ana kumsewu. Kuti ndinadziwa, ndinakhala nazo masiku anayi, n'kutumiza envulopu ndi dzanja langa, tsiku limenelo sindinamuuze. Ndinadzamuuza patapita zaka ziwiri, ndipo anangoti, "Chabwino, ababa," n'kupitiriza kusenda nandolo.

M'mawa mwake ndinapita m'tauni kwa abwana, ndi kabuku kakale ndi chidutswa cha simenti m'chikwama. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ntchito ija inatseka kapena sinatseke?"

"Inatseka, bwana."

"Anawerengera ndani?"

"Ndine."

"Nanga mukufuna ndikanene chiyani? Mapepala ndinasayina Loweruka, dzulo apita ku boma. Ife timapima pomwe mwini watilozera. Mukanangolemba kamzere kamodzi pa envulopu kuti bwana dikirani kaye, ndikanadikira."

Ndikukhulupirira kuti ankanena zoona. Sanali munthu woipa. Anandiuza kuti njira yodandaulira ilipo, koma wodandaula ayenera kukhala mwini munda, osati ine. Mwini munda anali atandipempha kale kuti ndisapite nazo patali.

Mwana wanga analima fodya wa atsibweni ake zaka ziwiri pamunda wa amayi ake. Chaka chachitatu anakangana pa nkhani ya dimba, chifukwa iye ankafuna kudzalamo ndiwo pomwe iwo ankafuna nazale, ndipo anamuuza kuti pa esiteti wonena ndi mmodzi. Ananyamula ana n'kubwera ku Nathenje, mwamuna wake n'kupita kukafuna ganyu m'tauni.

Mlamu wangayo timakumana pamisonkhano ya mpingo ku Nkhoma. Amandipatsa moni ndi manja awiri, ine n'kuyankha. Ndapempha Mulungu kambirimbiri kuti andichotsere chakukhosi chimene ndimakhala nacho ndikamuona akuyandikira gome la mgonero, koma mpaka lero chikadalipo.

Kuno ku Nathenje malo ndi a alongo anga ndi ana awo aakazi. Mwana wobadwa kwa mwamuna wa pabanjapo alibe pake, ndipo ine sindingawaumirize zimene ndinalephera kuumiriza ku Mitundu. Mwana wanga amalima munda wobwereka kuseri kwa msika, wamiyala, wosakwana ekala. Wauthira manyowa zaka zitatu, ndipo chimanga chayamba kuchita bwino. Mwezi wathawu mwini wake anabwera kudzanena kuti tikakolola aufuna.